Mmene Ndinayamwitsira Mdzukulu Wanga

Linali Lachinayi, leveni koloko m'mawa, nyengo yotola thonje. Ndinali pa ganyu m'munda wa eni ake kwathu kwa Nsamala, thumba lili m'chiuno, pamene foni inalira. Anali mtsikana amene ankagwira ntchito limodzi ndi mwana wanga woyamba pamalo ena ogona alendo ku Liwonde. Moni sanapereke.

"Amayi, bwerani msanga. Wagwa akuchapa zofunda, thupi lonse likugwedezeka. Tamutengera kuchipatala."

Ndinafunsa ngati anali malungo.

"Amayi, kodi simukudziwa? Ndi woyembekezera. Mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri."

Sindinkadziwa. Thonjelo ndinalisiya pomwepo osakaliyezetsa, ndinakwera kabaza mpaka kumsewu, kenako minibasi.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Anali atamuchita kale opaleshoni, mwana atatuluka wamoyo, wamkazi. Koma mwana wangayo sanatsitsimuke. Ndinamupeza akupuma movutikira, nkhope ndi mapazi zitatupa moti ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachipumi chimene anapsa ali wamng'ono. Ndinamugwira dzanja, ndinamuitana, ndinamuuza kuti ndabwera. Anatisiya dzuwa lisanalowe.

Mnzake uja ndi amene anandifotokozera zonse tili pakhonde. Anandipatsa chitenje chopindidwa motalika ngati lamba, nati ndi chimene mwana wanga ankamangira pamimba m'mawa uliwonse asanavale yunifomu. Pamalo pawopo mtsikana akaoneka kuti ali ndi pakati, ankauzidwa kuti apite akapume kwawo, ndipo sabata yomweyo ankalemba wina. Bambo wa mwanayo anali atapita ku Joni, foni yake itasiya kugwira. Kusikelo mwana wangayo anapitako kamodzi. Tsikulo anamwino anayamba kuthandiza amene anabwera ndi amuna awo, enawo anawauza kuti abwere ndi bambo kapena ndi kalata ya amfumu yonena kuti bambo palibe. Kukatenga kalatayo kunali kubwera kumudzi, kujomba kuntchito, ndi kundiuza ine. Sanabwererenso kusikelo. Choncho panalibe amene anamuyeza n'kuona kuti magazi ake akuthamanga kwambiri.

Ndikulira choncho, panafika anamwino ena achikulire, a mandala, oyankhula mwachidule.

"Mayi ake ndinu? Pepani. Koma dzukani, tiyeni mukaone mdzukulu wanu."

Ndabereka ana asanu, koma munthu wotero ndinali ndisanamuone. Anali atagona pakabedi ka nyale yotenthetsa limodzi ndi ana ena awiri. Mutu unali ngati lalanje, mikono ngati zala zanga, khungu lopyapyala loti mitsempha n'kumaiona. Kulemera kwake sikunafike mapaketi awiri a shuga. Koma zikhadabo zinalipo zonse, ndi nsidze, ndi timakwinya ta m'manja. Ndinaima n'kumangoyang'ana. Ndinadzifunsa kuti ntchito yonseyi inagwiridwa bwanji pansi pa lamba uja, mayi ake akunyamula ndowa ndi kukolopa zipinda.

Anamwinowo anati, "Akupuma yekha, ndiye mwayi wake. Chimene chingamuphe ndi kuzizira ndi njala. Nyale iyi magetsi akathima nayo yathima. Chifuwa cha munthu sichithima. Mawa tikumuika pa inu."

M'mawa mwake kunabwera achimwene anga, amene ndi eni mbumba kwathu. Anabwera ndi galimoto ndi bokosi.

"Achemwali, tiyeni. Anthu asonkhana kale, manda akukumba."

Ndinatenga chikwama changa. Anamwino aja anaima pakhomo.

"Mukupita, mwanayu mukumusiyira ndani?"

"Ndikangoika maliro ndibwera."

"Lero Lachisanu. Kuika mawa, kusesa mkuja. Mudzamupeza? Ine ndili ndi ana odzaza chipinda, chifuwa ndili nacho chimodzi, ndipo sichololedwa."

Achimwene anakwiya pang'ono. "Amayi, kwathu mayi wa malemu sasowa m'siwa. Anthu akati chiyani? Akati anamutaya mwana wake ali moyo, wamutayanso atafa."

"Bambo, amene ali m'bokosiyo sakumva kuzizira."

Anayankhula choncho, mosanyengerera. Achimwene anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kumudzi kunalibe wina woti abwere. Mng'ono wanga anali ndi khanda lake, ana anga otsala ndi aang'ono. Ndinaika chikwama pansi. Ndinapita kukamuona mwana wanga komaliza, ndinamukonza duku, n'kuwauza achimwene kuti akamuimbire nyimbo ya Maria imene ankaikonda kukwaya. Galimoto inanyamuka ndikuiona pawindo.

Chipinda chimene anandilowetsa amachitcha cha kangaru. Mwana amamuvula n'kutsala ndi thewera ndi chipewa, amamuika pakati pa mabere khungu kukhudza khungu, n'kumumanga ndi chitenje. Umakhala naye choncho usana ndi usiku, kugona chotsamira. Atamuika pa ine ndinamva kamtima kake kakugunda msangamsanga pamwamba pa wanga. Ndinaopa ngakhale kutsokomola.

Onse m'chipindamo anali atsikana ongobereka kumene, kupatula mayi mmodzi wa pabedi loyandikana nane. Anali Msilamu wa kwa Kalembo, wogulitsa usipa wouma, wamkulu kwa ine pang'ono, wamawu okweza. Mwana wawo anabereka mapasa, ndiye mmodzi anali pachifuwa cha mayi ake, wina pachifuwa cha agogo ake. Nthawi ya Swala ankapemphera chokhala, poti anamwino anawaletsa kuwerama.

"Ajimwiche uli, anganga anzanga?" anandilonjera m'Chiyao atandiona. "Bola mwabwera. Ana awa amandiseka kuti ndine nkhuku yokalamba yofungatira mazira a eni."

Nditawauza zimene zinandigwera, nthabwala zinatha. Tsiku loika maliro, masana, achimwene anaimba foni ali kumanda n'kungoisiya osadula kuti ndimve nyimbo. Kulira kokweza sindikanatha, mwana akanadzidzimuka. Misozi inkangotsikira pachipewa chake. Mayi a kwa Kalembo aja anasendera pabedi langa, khanda lawo lili pachifuwa, anandigwira mapazi ndi manja awiri mpaka foni inaduka.

Nkhani ya kuzizira inatha choncho. Inatsala ya njala.

Mwanayo tinkamumwetsa mkaka wa m'chitini ndi kakapu kakang'ono, pang'onopang'ono ngati mwana wa mbalame. Anamwino anandiuza zoona zake. Zitinizo sizinali za nthawi zonse, anasiya ndi anthu ena akufuna kwabwino, ndipo zinali kutha. Tikadzatuluka ndiye kugula ndekha. Anandiuza mtengo wake, ndinaseka, chifukwa ganyu wanga wa sabata yathunthu sakanagula chitini chimodzi. Anawonjezanso kuti mkaka wotero umafuna madzi owiritsa ndi ziwiya zoyera nthawi zonse, apo ayi mwana amatsegula m'mimba, ndipo wochepa chotere sapirira.

Tsiku lomwelo ndi limene ndinamva koyamba kuti boma lili ndi lamulo loti mayi wapantchito apatsidwe tchuthi akabereka, malipiro akulandira, ndiponso kuti kumuchotsa ntchito chifukwa cha mimba n'kulakwa. Anamwinowo ndi amene ananena, akulemba pakhadi.

"Lamulo limeneli lilipo ndithu?"

"Lilipo kalekale."

"Nanga mwana wanga ankamangiranji pamimba?"

"Amayi, lamulo lili ku ofesi. Kochapira zofunda amapitako ndani kukaona?"

Ndinakhala nazo mumtima tsiku lonse. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, zambiri sindizidziwa. Koma ndinadabwa kuti chinthu chimene chikanamupulumutsa chinalipo, cholembedwa bwinobwino, iye n'kufa osachiona.

Madzulo ake mayi a kwa Kalembo anandifunsa, "Wanu womaliza ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu."

"Kumwezi mukupitabe?"

Ndinachita manyazi, atsikana aja akumva. "Mwa apo ndi apo."

"Basitu. Muyamwitseni."

Chipinda chonse chinaseka. Mtsikana wina wa pakona, wamwano wake wokoma, anati, "Anganga, mabere ake ati? Masilipasi amenewo?"

"Iwe khala chete, ako akhala otero chaka chamawa chomwechi," anamuyankha mayi aja. Kenako anatembenukira kwa ine. "Sindikuseka. Mkulu wanga atamwalira pobereka, amayi anga anayamwitsa mwana wake. Mwanayo lero ndi bambo wa ndevu, amayendetsa njinga yamoto ku Ulongwe. Bere silikalamba, limangogona. Mwana akamalikoka limadzuka."

"Iyayi, ine zimenezo sindingathe."

"Wallahi mungathe. Afunseni a mandalawo."

Ndinkayembekeza kuti anamwino akalipa. Sanakalipe. Anati zimachitika, iwo anazionapo, koma si kwa aliyense, ndipo sangandilonjeze. Choyamba ndiyezetse magazi, chifukwa ngati ndili ndi kachilombo ndingamupatsire mwana. Ndinayezetsa, anandipeza ndilibe. Ndiye anandionetsa kachitidwe kake. Mwana ndimuike kubere pafupipafupi, ngakhale mulibe kanthu. Akamayamwa, wina azidonthezera mkaka wa m'chitini pansonga ya bere ndi jekeseni yopanda singano, kuti mwana aziona ngati ukuchokera mwa ine, asagwe ulesi. Pakati pake ndizifinya ndi manja.

Wodonthezera anali mayi a kwa Kalembo. Tinkakhala moyang'anana, aliyense khanda lake pachifuwa, iwo dzanja limodzi litagwira jekeseni.

"Tikumunamiza mwana wa eni," ndinatero tsiku lina.

"Tikunamiza bere, osati mwana. Mwanayu akudya."

Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Mwanayo analibe mphamvu, akakoka kawiri katatu wagona. Tinkamutekenya kuphazi kuti adzuke. Mabere anachita zilonda. Ndikafinya, kunalibe ngakhale chinyezi. Mayi aja anauza amuna awo kuti abweretse chinangwa chachiwisi ndi nsinjiro, ankandikakamiza kutafuna chinangwacho m'mawa ndi masana, phala la nsinjiro pamwamba, thobwa pambuyo. Anamwino ankati chinangwa si mankhwala, chachikulu ndi kukoka kwa mwana, koma idyani poti mwaonda. Chakudya sichinkalowa. Ndikati ndimeze, ndinkaona nkhope yotupa ija.

"Idyani," ankatero mayi aja. "Mukulira ndi maso, pakamwa pali ntchito yanji?"

M'mawa uliwonse ana ankawaika pasikelo. Anzake ankakwera. Wanga anatsika kaye, kenako anangoima. Mapasa aja anayamba kudzaza masaya. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Ndinaona anamwino akutsegula chitini, n'kuyang'ana m'kabati, n'kutseka msanga. Sindinafunse. Ndinadziwa kuti m'kabatimo mwatsala malo okha.

Ndinayamba kuganiza kuti ndasiya maliro a mwana wanga pachabe, kuti ndidzabwerera kumudzi ndi kabokosi kena. Ndinawauza mayi aja kuti tileke, ndikungomuvutitsa mwana.

"Mwatopa?"

"Ndatopa."

"Topani, koma bweretsani berelo kuno."

Linali tsiku lina m'mawa, sabata yachiwiri ikupita kumapeto. Ndinawasiyira mwana mayi aja kuti ndikasambe. Ankawanyamula onse awiri, wawo ndi wanga, m'chitenje chimodzi, akuti ali ndi malo okwana minibasi. Kubafa kunali kunja, kopanda denga, dzuwa likulowa. Nditadzithira madzi ndinamva kunyerenyetsa mkati mwa bere lamanzere, kuyambira kukhwapa kutsikira kunsonga. Thupi langa linakuzindikira kunyerenyetsako ine ndisanaganize. Ndi kuja umamva khanda lako likalira kuseri kwa nyumba. Ndinapukuta berelo ndi chitenje kuti ndisanamizidwe ndi madzi osamba. Ndinafinya. Panatuluka kadontho kamodzi, kotuwa, n'kuima pansonga osagwa.

Ndinakatenga ndi chala, ndinalawa. Kanali kotsekemera.

Ndinakhala pansi pasimenti yonyowayo. Ndinali mayi wa zaka makumi anayi ndi zingapo, wa imvi za m'mbali, wamasiye, woti thupi lake ndinkaliona ngati munda wokololedwa kale. Mkaka umenewu unali kuti zaka zonsezi? Anausunga ndani? Ndani anauuza kuti kuli mwana wopanda mayi? Ine sindinauitane, ndinali nditataya kale mtima. Ndapemphera moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinachita mantha ngati munthu amene wamva wina akupuma pambali pake m'chipinda chimene amati ali yekha. Bere lomwelo ndi limene linayamwitsa mayi ake. Ndinakumbukira mmene ankagwirira chala changa akamayamwa, ndipo ndinalira mokweza, kulira kumene sindinalire tsiku la maliro.

Ndinalowa m'chipinda sopo ali kukhosi. Ndinangofinya bere pamaso pawo.

"Allahu Akbar!" anakuwa mayi a kwa Kalembo, ana awiri aja n'kudzidzimuka. Mtsikana wamwano uja anadzuka pabedi lake kudzaona pafupi, anagwira pakamwa.

"Anganga, masilipasi aja?"

"Omwewo. Pepesa," anatero mayi a kwa Kalembo.

"Pepani, masilipasi."

Wina anayamba nthungululu, anamwino analowa akuthamanga poganiza kuti kwagwa zovuta. Anayang'ana, anafinya okha, anagwedeza mutu.

"Chabwino. Koma madontho sakhutitsa mwana. Bwererani pabedi, muikeni."

Potuluka ndinawamva akuuza mnzawo pakhonde kuti abwere adzaone.

Sunabwere wambiri tsiku limodzi. Unkawonjezeka pang'onopang'ono, wa m'chitini tikuchepetsa. Ndinayamba kumva mwana akumeza, kamawu kakang'ono kapakhosi, ndipo ndinkauza aliyense kuti akhale chete ndimve. Sikelo inayamba kukwera. Pamene chitini chomaliza chinkatha, anali akukhuta ndi wanga yekha. Mpaka lero ndikaganiza mmene ziwirizi zinakumanirana, china chikutha china chikudzaza, ndimasowa chonena.

Mapasa anatuluka ife tisanatuluke. Pomanga katundu mayi aja anandiuza kuti, "Kwathu ku Chisilamu, mwana amene wayamwa bere lako ndi mwana wako, ana ako ndi abale ake. Ndiye musadzamuphunzitse zoti anganga. Ndinu amake."

"Nanga amake enieni?"

"Mudzamuuze. Ali ndi awiri, wina anamunyamula mkati, wina kunja."

Anandisiyira kapu yawo ndi usipa wa m'kapepala. Tinalira tonse, atsikana aja akutiseka kuti nkhuku ziwiri zokalamba zikusiyana.

Kumudzi tinafika thonje litatha kale m'minda. Achimwene anakapempha chilolezo kwa amfumu, ananditengera kumanda kukaona pamene anagona mwana wanga. Dothi linali litayamba kale kutsika. Pobwerera anandipeza ndikuyamwitsa pakhonde, anaima, anavula chipewa, anakhala pansi chapatali. Anati, "Achemwali, ndinayankhula molakwa tsiku lija." Anthu ena ankabwera ngati odzapepesa maliro, koma maso ali pachifuwa panga. Ena ankanong'ona kuti si zabwino, mwana adzakhala wopusa. Amayi ena achikulire a kumphakati kwathu anawayankha kuti azakhali awo anachitapo zomwezo kale, kungoti masiku ano anthu anaiwala.

Kuntchito kuja anatumiza chikwama cha zovala zake ndi ndowa yake. Mnzake uja anandiuza kuti Lolemba lotsatira anali atalemba kale mtsikana wina. Ndinamufunsa ngati akudziwa za lamulo la tchuthi lija. Anati anamvapo pawailesi, koma amene angalitchule pamaso pa abwana ndiye kuti watsanzika. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti iye ikadzafika nthawi yake asadzamange pamimba. Anati adzayesa. Ndinaona kuti sakulonjeza, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Mwanayo tsopano ali ndi chaka ndi miyezi. Akuyenda chogwira khoma, mano atuluka anayi, ndipo amaluma. Ganyu wa kutali ndinasiya chifukwa eni minda safuna munthu woima pafupipafupi. Ndimakazinga zitumbuwa m'mawa n'kukagulitsa pamsewu pomwe pamaima maminibasi. Anthu a m'galimoto amati akaona mayi wa imvi akuyamwitsa amagwirana mapewa, ena amafunsa, ndipo amene wafunsa mwaulemu ndimamufotokozera. Kusikelo anandiuza kuti ndisamuletse mpaka akwanitse zaka ziwiri. Ndiye ndimadzuka, ndimakazinga, ndimamubereka kumbuyo kupita kumsewu, ndipo akalira ndimakhala pansi n'kumuyamwitsa.